Ndere m'botolo: kuyeza ukali wa mankhwala pa zamoyo za m'madzi

Ena mwa madzi amene timatunga pampopi muno mu Lusaka amachokera mu Kafue, mtsinje womwe umadutsa kumigodi ya kopa ndi m'minda yopoperedwa mankhwala opha udzu. Ndere ndiye chakudya cha tizilombo ta m'madzi, ndipo tizilomboto ndi chakudya cha nsomba. N'chifukwa chake pofuna kudziwa kuopsa kwa mankhwala, timayamba tayesa pa ndere.

Njira yodziwika ndi ya bungwe la mayiko lotchedwa OECD, nambala 201, ya maola 72. Ndere yake kawirikawiri ndi Raphidocelis subcapitata, kaselo kamodzi kopindika ngati mwezi wongotuluka kumene. Imayamba yameretsedwa payokha masiku 2 mpaka 4 kuti ilowe m'mabotolo ikuswana mwamphamvu, maselo 5,000 mpaka 10,000 pa mililita. Mankhwalawo amasungunulidwa m'milingo yosachepera isanu, mlingo uliwonse usapose kuwirikiza unzake ka 3.2, mabotolo atatu pa mlingo. Pambali pamakhala mabotolo opanda mankhwala. Onse amakhala pa makina ogwedeza, nyali zikuyaka usana ndi usiku, kutentha pakati pa madigiri 21 ndi 24, ndipo maselo amawerengedwa tsiku lililonse. Chomwe tikufuna ndi EC50, mlingo umene umadula pakati liwiro la kuswana kwa ndere.

Mabotolo opanda mankhwala aja ndiwo mboni. Ndere zake zikalephera kuchuluka ka 16 pa masiku atatu, ntchito yonse itayidwe, ngakhale manambala ena ataoneka okoma. Kuno zimalakwikira pa malaiti: akazima usiku umodzi, nyali ndi chogwedeza zaima, ndipo mu Okutobala chipinda chimatentha kupyola malire. Labotale yopanda jenereta isayambe n'komwe. Ndere zikachulukitsa zimamaliza mpweya wa kaboni m'madzimo, pH (muyeso wa asidi m'madzi) n'kukwera. Isakwere ndi mayunitsi opitirira 1.5 kuchokera pomwe inayambira.

Kopa ali ndi msampha wakewake. Chakudya cha ndere chomwe timathira m'mabotolo chimakhala ndi EDTA, yomwe imamanga zitsulo, choncho kopa amaoneka wofatsa kuposa mmene alili. Madzi a m'zitsime za Lusaka, okhala ndi laimu wambiri, amabisanso ukali wake, ndiye osasungunulira m'madzi apachitsime. Mankhwala a utoto nawo amatha kungotchinga kuwala, ndere n'kufooka popanda poizoni. Ena amauluka kapena kumatirira ku galasi, motero mlingo uyezedwenso pa maola 72.