Mchere suthetsa ndere pakhomo

Kwa zaka zambiri ndakhala ndikumva anthu akulangizana kuti ndere zikamera pakhonde kapena m'munsi mwa khoma, ungowazapo mchere basi, sizidzabweranso. Zanditopetsa, chifukwa si zoona.

Mchere umaumitsadi ndere zomwe zilipo, koma sukhudza chimene chinazibweretsa. Ndere zilibe mizu yeniyeni. Zimafala ndi tinjere tosaoneka ndi maso touluka ndi mphepo, ndipo timamera paliponse pamene pali chinyezi ndi mthunzi. Choipa china n'chakuti mchere umafumbutsa simenti ndi njerwa, ndipo mvula ikaukokolola umakapha maluwa ndi kapinga.

Dzionereni nokha. Zungulirani nyumba m'mawa, muone pamene pabiriwira: pansi pa mpopi wodontha, pomwe madzi a padenga amagwera, kuseri kumene dzuwa silifika. Kwechani malo awiri ndi burashi yolimba. Pamalo amodzi konzani podonthapo, mudulenso nthambi zotchinga dzuwa. Penapo musiye chomwecho. Pakapita miyezi ingapo mudzaona pamene ndere zabwerera.

Chonde, musanauze mnzanu za mcherewu, yambani mwayesa zimenezi kaye.