Lilime la Becker ndi Maso a Katswiri wa Tenesi

Katswiri wa tenesi Andre Agassi anagonja kwa katswiri mnzake Boris Becker maulendo atatu oyambirira omwe anakumana. Iye mwini anadzaulula atapuma pa masewerawa kuti anakhalira kuonera matepi a Becker mpaka anatulukira kanthu: akamaponya mpira m'mwamba kuti amenye serve (kumenya koyambitsira mpira), Becker ankatulutsa lilime. Likakhala pakati pa mlomo, mpira unkabwera pakati kapena pathupi. Likapendekera kumbali, mpira nawonso unkalowera kumbali. Pamasewero 14 omwe awiriwa anasewera, Agassi anapambana 10. Chomuvuta, akuti, chinali kudziletsa kuti asamagwiritse ntchito chinsinsichi nthawi zonse, kuopa kuti mnzakeyo angazindikire n'kubweza lilime m'kamwa.

Nkhaniyi imaseketsa, koma ndi mmene akatswiri onse amaonera, kungoti enawo sangakufotokozereni chomwe aona.

Tiyeni tiwerengere nthawi. Bwalo la tenesi ndi lotalika mamita 23.77. Serve ya makilomita 200 pa ola, ngakhale mpweya ndi kunjanja pansi zimaichepetsako liwiro, imafika kwa wolandira m'kanthawi kongoyandikira theka la sekondi. Kuti diso lione, ubongo uganize, thupi liyambe kusuntha, pamapita pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu a sekondi. Kotsalako ndiye muthamangire mpira, mukweze laketi, mumenye. Wodikira kuti aone kaye komwe mpira walowera, wachedwa kale.

Ambiri amaganiza kuti akatswiri anabadwa ndi maso akuthwa kuposa athu. Nkhani sili pamenepo. Mu 1978, ofufuza awiri, Jones ndi Miles, anaonetsa anthu filimu ya wosewera akumenya serve, n'kumaidula mpira utangomenyedwa kapena usanamenyedwe n'komwe, kenako n'kufunsa kuti ugwera pati. Ozolowera tenesi ankalosera bwino kuposa ongoyamba. Bruce Abernethy wa ku Australia anachita zofananazo ndi osewera badminton m'ma 1980, koma iye ankaphimbanso ziwalo zina pa filimuyo. Akaphimba mkono wa womenya, akatswiri ankasokonezeka, pomwe ongoyamba sankasintha kwenikweni, chifukwa mkonowo sankauwerenga n'kale. Maso a onse amalandira chithunzi chimodzi; chosiyana n'chakuti katswiri waona mapewa, chiuno ndi kaponyedwe ka mpira kambirimbiri moti zimamuuza zomwe zikubwera.

Ndipo mpira ukanyamuka, diso siliutsata njira yonse ngati mmene timaganizira. Michael Land ndi Peter McLeod anaonetsa mu 2000, pa osewera cricket, kuti diso limalumpha n'kukadikirira pomwe mpira unjanje, ndipo waluso amalumphitsa diso msanga.

N'chifukwa chake ine sindikhutira ndi mphunzitsi amene tsiku lonse amangokuwa kuti "yang'ana mpira!" Sakulakwa, koma wauza mwanayo theka chabe. Makina olavula mipira nawo amathandiza kuwongola kamenyedwe, koma alibe phewa, alibe chiuno. Mwana wokulira pa makina amasowa chowerenga akakumana ndi munthu.

Omenya serve nawo anachenjera. Katswiri wina, Pete Sampras, ankaponya mpira m'mwamba mofanana nthawi zonse, kaya akufuna pakati kaya kumbali. Ali mwana, mphunzitsi wake Pete Fischer ankadikira kuti mpira ukhale kaye m'mwamba, ndiye n'kumuuza mtundu wa serve yoti amenye.