Garratt si masitima awiri omangidwa pamodzi

Anthu akaona injini ya nthunzi ya mtundu wa Garratt, kaya pa chithunzi kaya itaima ku Bulawayo, amathamangira kunena kuti azungu anatenga masitima awiri n'kuwalumikiza matako. Zimenezi n'zabodza, ndipo zatopetsa. Boyila, chithanki chowiritsiramo madzi kuti apange nthunzi, ndi imodzi, moto ndi umodzi, chumuni ndi chimodzi, woyendetsa ndi mmodzi pamodzi ndi mnzake wosonkhezera moto. Zimene zili ziwiri ndi miyendo yokha.

Injiniyi ili ndi zigawo zitatu. Kutsogolo kuli felemu ya mawilo, masilinda ake (momwe nthunzi imalowa kuti ikankhe mawilo) ndi thanki ya madzi pamwamba. Kumbuyo kuli felemu ina yofanana nayo, yonyamula malasha ndi madzi ena. Pakati, boyila ndi chipinda cha woyendetsa zakhala pa felemu yakeyake yopanda wilo ngakhale limodzi, italendewera ngati machila pakati pa onyamula awiri. Malekezero ake atsamira pa pivot, chitsulo chachikulu chozungulirapo, china kutsogolo china kumbuyo. Amene anaganiza zimenezi ndi Herbert William Garratt wa ku England, yemwe analembetsa nzeruyi mu 1907. Kampani ya Beyer, Peacock ya ku Manchester inapanga yoyamba mu 1909, yotchedwa K1, ya njanji yopapatiza ya ku Tasmania. K1 inali ndi masilinda oyang'ana m'kati, ena ali pansi penipeni pa chipinda cha woyendetsa, ndiye munkatentha. Zotsatira zake anaziika masilinda kumalekezero akunja.

Chimene ambiri sachiona ndi mpata uli pansi pa boyilawo. Pa injini wamba, ng'anjo imapanikizika pakati pa mawilo kapena pamwamba pake, ndipo boyila imakhala yaitali, yowonda. Pa Garratt pansi palibe chotchinga. Ng'anjo imatha kukhala yakuya ndi yotakata, boyila yaifupi koma yonenepa, mpweya umalowa bwino pansi pa moto, phulusa limachotsedwa munthu ataima pambali osachita kukwawa. Malasha amapsa mokwanira ndipo nthunzi imabwera msanga.

Ubwino wina ndi wa pa njanji. Njanji zathu za kuno, ku Malawi, Zambia, Zimbabwe mpaka South Africa, n'zotalikirana mamilimita 1,067 okha, ndipo zambiri zinayalidwa ndi zitsulo zopepuka, zokhotakhota, zokwera zitunda. Ukafuna mphamvu uyenera kuwonjezera kulemera, koma njanji ndi milatho zili ndi malire a katundu amene ekiselo imodzi, chitsulo cholumikiza mawilo awiri, ingasenze. Garratt imagawa kulemerako pa maekiselo ambiri, ndipo pokhota chigawo chilichonse chimatsata njanji pachokha. Osaisokoneza ndi Mallet, mtundu umene unakondedwa ku America. Pa Mallet mawilo akumbuyo ndi omangika ku boyila, akutsogolo okha ndi amene amakhota, ndiye pokhota mphuno ya boyila imatulukira kunja. Pa Garratt boyila imadutsa m'kati mwa pokhotapo, n'chifukwa chake imakhazikika ngakhale ikuthamanga.

Rhodesia Railways, kampani yakale ya njanji za ku Zimbabwe ndi Zambia, inadalira kwambiri injinizi, malasha ake akuchokera ku Hwange. Za gulu la 15, za mawilo 4-6-4+4-6-4 (mbali iliyonse mawilo anayi ang'onoang'ono, asanu ndi limodzi okoka, ndi ena anayi ang'onoang'ono), zinayamba kufika mu 1940 ndipo zonse zinakwana 74. Za gulu la 20, za 4-8-2+2-8-4, zinabwera kuyambira 1954 ndipo zinkakoka katundu wolemera mpaka ku migodi ya kopa ku Zambia. Ku Kenya za gulu la 59 zinkalemera matani 252 pa njanji ya mita imodzi, zikukwera kuchokera ku Mombasa kupita ku Nairobi.

Koma musamve ngati zinalibe vuto. Madzi ndi malasha zakhala pamwamba pa mawilo okoka, ndipo kulemera kwake ndi kumene kumathandiza mawilo kuluma njanji. Ulendo ukamapita, madzi akutha, malasha akutha, injini ikupepuka. Imene inanyamuka bwinobwino m'mawa imatha kuyamba kupalasa pa chitunda chomaliza. Ndipo chogwirira chotsegulira nthunzi ndi chimodzi: mawilo akutsogolo akaterereka, woyendetsa amatseka nthunzi ya mbali zonse ziwiri, sitima n'kutaya liwiro. N'chifukwa chake wodziwa ntchito amathira mchenga pa njanji asanafike pa chitunda, osadikira kuti mawilo ayambe kulira. A ku South Africa, pa gulu la GMAM, anachepetsa madzi a pa injini n'kumakoka bogi yapadera ya thanki ya madzi, kuti ekiselo isalemere kwambiri pa njanji zopepuka. Vuto lina ndi mapaipi. Nthunzi imachoka pa boyila kupita ku masilinda amene akugwedezeka paokha, kotero mapaipi ali ndi mfundo zozungulira. Mfundozo zikadyeka zimafwetsa nthunzi, mphamvu n'kuchepa, ndipo m'mawa kukazizira utsi woyerawo umatchinga maso a woyendetsa.

Nkhani yowawa ndi ya Australian Standard Garratt. Inajambulidwa mothamanga pa nthawi ya nkhondo yachiwiri ya padziko lonse, n'kuyamba ntchito mu 1943, ndipo si Beyer, Peacock amene anaijambula. Mawilo okoka oyambirira anawasiya opanda mkombero wogwira njanji poganiza kuti izikhota mosavuta. Inkagwa njanji. M'ngalande yoboola phiri ya Swan View, ku Western Australia, injiniyo inkangotsala pang'ono kudzaza mpata wonse, utsi ndi kutentha n'kumatsamwitsa anthu m'chipinda chawo. Oyendetsa anadandaula, mabwana anazengereza, mpaka boma linachita kukhazikitsa bungwe lofufuza mu 1945, ndipo mu 1946 kunachitika sitiraka. Chopweteka n'chakuti zolakwikazo zinali zokonzeka. Zina mwa injini zomwezo zitakonzedwa zinagwira ntchito zaka zambiri pa Emu Bay Railway ku Tasmania. Vuto silinali nzeru ya Garratt ayi, linali phuma ndi kusamvera anthu amene ankapsa ndi motowo.

Phuma lomwelo ndi limene likuopsa lero pamene anthu akufuna kudzutsa injini zakale kuti zizikoka alendo. Zimbabwe itakonzanso ma Garratt ake chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, mafuta a dizilo atavuta, ntchitoyo inagwiridwa ndi amisiri a boyila amene anakulira pa ntchitoyo. Lero amisiri otere atsala ochepa, ndipo pamalo pawo pakubwera aliyense amene ali ndi makina owotcherera. Boyila si geti. Makoma a ng'anjo amagwiridwa ndi timisomali tambirimbiri tolumikiza khoma lam'kati ndi lakunja. Kamodzi kakaduka, anzake oyandikana nako amasenza katundu wake, nawonso n'kuyamba kuduka. Mmisiri weniweni amatigogoda ndi hamala kamodzikamodzi n'kumva kulira kwake. Wachinyengo amangomata podontha, n'kupaka penti yakuda.

Boyila imene yakhala zaka osayaka isayatsidwe moto isanatsukidwe m'kati, kupimidwa makulidwe a chitsulo, ndi kuyesedwa ndi madzi opopedwa mwamphamvu kuposa mphamvu imene imagwirira ntchito. Amayesa ndi madzi chifukwa chitsulo chikagonja madzi amangodontha, pamene nthunzi imaphulika. Kenako ndi galasi loonera madzi. Likatsekeka ndi dothi limanama kuti madzi alimo, denga la ng'anjo lili pamtunda likufiira. Mapulagi a mtovu a pa dengalo amasungunuka kuti achenjeze, koma pulagi yokutidwa ndi litsiro la madzi siisungunuka pa nthawi yake, ndiye iyenera kumasulidwa ndi kuonedwa nthawi iliyonse boyila ikatsukidwa. Ndipo pivot musaiiwale chifukwa chakuti ili pobisika. Ikasowa mafuta n'kudyeka, boyila imayamba kugunda ponyamuka ndi poima, ndipo mfundo za mapaipi a nthunzi ndi zimene zimayamba kung'ambika.