Muli ndi vuto la mapapo? Zolowa pansi pa nyanja ndi silinda zija taganizani kaye

Amene mukupita ku Cape Maclear kapena ku Nkhata Bay ndipo mwakonza zobereka silinda ya mpweya kuti mukaone mbuna pansi pa madzi, tamvani izi, makamaka ngati muli ndi mphumu, munadwalapo TB kapena papo lanu linaphwerapo.

Ambiri amati aaa ine sindipita kwakuya, mamita 3 kapena 5 basi. Komatu posaya pomwepo ndi pamene mpweya umatukumuka kwambiri munthu akamakwera. Mpweya omwe mwakoka musilinda muli pa mamita 10, pofika pamwamba umafuna malo owirikiza kawiri, ndiye ukapanda kutuluka papo limang'ambika ngati baluni yopopa mopitiliza, ndipo zimenezi zimatheka ngakhale pa mamita awiri okha ngati mapapo anali odzadza inu mwagwira mpweya.

Musadziyerekeze ndi ana akunyanja aja omira opanda kanthu. Iwo mpweya amaukokera pamwamba nkubwera nawo omwewo, suwonjezekera.

Munthu wamapapo abwino amangopuma bwinobwino pokwera mpweya nkumatuluka okha. Koma TB imasiya zipsera ndi timphako m'mapapo ngakhale munamaliza mankhwala onse miyezi 6 nkuchira, ndipo timphako timeneti timatsekera mpweya. Mphumu nayo imafinya njira za mpweya, chonsecho mpweya wamusilinda ndi ouma komanso ozizira, umayiputa mosavuta muli pansi pomwepo poti inhaler simungayigwiritse. Amene papo linaphwerapo lokha popanda ngozi, madokotala amaletseratu. Chifuwa kapena chimfine chimene mukudwala panopa nachonso dikirani chithe.

Choopsa kwambiri ndi pamene timathovu ta mpweya talowa m'magazi nkukatseka mitsempha ya ku ubongo. Zimafanana ndi sitiroko, munthu wangovuuka kumene mphindi 10 zisanathe wakomoka, kapena mbali imodzi yafooka, sakuona bwino, akulankhula zosamveka. Ena kubaya pachifuwa, kubanika, kutsokomola magazi, mawu kusintha. Zikatere mugonekeni chagada, apatsidwe okosijeni ngati alipo ndipo thamangirani naye kuchipatala, musaiwale kunena kuti anali pansi pa madzi ndi silinda chifukwa chithandizo chake china chimafuna makina apadera omwe sapezeka pachipatala chilichonse.

Fomu ya zaumoyo imene amakupatsani musanalowe ija musamangochonga "ayi" paliponse poopa kuti akubwezani, ndalama munalipira kale inde koma nenani zoona. Kaonaneni ndi dokotala ulendo usanafike, akujambuleni X-ray ndi kuyeza kapumidwe kanu. Akakuletsani, mbuna zimaoneka bwinobwino muli pamwamba ndi magalasi ndi kapaipi kopumira kaja.