Kuchuluka kwa magigabayiti si liwiro la graphics card

Anthu ambiri akafuna kugula graphics card yotsika mtengo yoseweretsera magemu pakompyuta, maso awo amathamangira pa nambala ya magigabayiti yolembedwa pabokosi, poganiza kuti nambalayo ikakula ndiye kuti liwiro nalonso lakula. Maganizo amenewa ndi akalekale, ndipo zimandimvetsa chisoni kuona munthu amene wasunga ndalama movutikira akunyengedwa nawo.

Magigabayitiwo ndi a VRAM, malo ongosungiramo zithunzi zomwe gemu ikugwiritsa ntchito panthawiyo. Ntchito yeniyeni yojambula zooneka pasikirini imagwiridwa ndi GPU, kachipangizo kobisika kunsi kwa fani, ndipo ikakhala yofooka, malo osungirawo sangaithandize ngakhale atachuluka bwanji. Mwachitsanzo, khadi ya RTX 3060 ya kampani ya Nvidia ili ndi 12GB pamene RTX 3060 Ti ili ndi 8GB yokha, komabe yachiwiriyi ndiyo imathamanga kwambiri m'magemu ambiri, chifukwa ili ndi ma CUDA core (tizigawo ta mu GPU togwira ntchito yojambulayo) 4,864 pomwe inzakeyo ili ndi 3,584.

Mtundu wa VRAM nawonso ndi wofunika kuuyang'anitsitsa. Khadi ya GT 1030 inatuluka mitundu iwiri ya dzina limodzi, yonse ya 2GB, koma ya VRAM ya mtundu wa GDDR5 imayendetsa deta pafupifupi 48GB pasekondi, ya DDR4 osafika ndi theka lomwe.

N'zoona kuti VRAM ikadzaza gemu imayamba kudukizadukiza, choncho iyenera kukhala yokwanira. Koma musanalipire, fufuzani kuti khadiyo imatulutsa mafuremu (zithunzi zooneka pasikirini) angati pasekondi pa magemu omwe inuyo mumasewera.