Ndege ya Lilongwe–Blantyre siiuluka pa liwiro lolembedwa m'mabuku

Anthu ambiri amawerengera nthawi ya ulendo wa pandege ngati samu ya kupulayimale: tenga mtunda, gawa ndi liwiro. Kuchoka pa bwalo la Kamuzu ku Lumbadzi kukatera ku Chileka ndi makilomita pafupifupi 245 mumlengalenga, kusiyana ndi msewu wodzera ku Dedza, Ntcheu ndi Zalewa womwe umapitirira 300. Ndege ya mtundu wa Q400 imatha kufika makilomita 660 pa ola. Ndiye amati ulendowu ndi wa mphindi 22 basi.

Sizili choncho. Liwirolo ndege imalifikira ikakwera kale m'mwamba ndi kukhazikika. Pa ulendo waufupi ngati uwu, imangoti yamaliza kukwera, woyendetsa wayamba kale kukonzekera kutsika. Potsika amachepetsa liwiro, ndipo mphepo ikakhala yosalola, amazungulira kaye kuti atere moyang'anizana nayo. Nthawi ya pa tikiti imawerengeranso kuyenda pang'onopang'ono pabwalo, kuchoka pomwe mwakwerera kukafika pomwe mutsikire. N'chifukwa chake imayandikira mphindi 40.

Komanso musaiwale kuti Lumbadzi ili makilomita oposa 20 kumpoto kwa mzinda wa Lilongwe, ndipo muyenera kufikako nthawi ikadalipo kuti apime katundu. Mukaphatikiza zonsezi ndi ulendo wochoka ku Chileka kupita ku Limbe, maola atatu amatha mosavuta. Ulendo wa pandege umafulumirabe kuposa wa pabasi, koma osati ndi maola anayi monga ena amanenera.