Musanamumasule Galu Chingwe M'paki ku Johannesburg

Mwa ntchito zimene anthu akwathu amapatsidwa ku Johannesburg, kaya a m'nyumba kaya a m'dimba, yopita ndi galu kupaki imaoneka yopepuka. Komatu munthu angabwereko dzanja lili magazi okhaokha, galu wa abwana atang'ambidwa khutu, ntchito n'kuthera pomwepo. Zambiri mwa ngozi zimenezi zimayambira pageti, m'mphindi zisanu zoyambirira, ndipo n'zopeweka.

Lamulo la mzindawu n'lakuti galu akakhala pagulu azikhala pa chingwe, kupatula m'malo amene aloledwa kuthamanga okha. Eni agalu amakonda kupita ku Emmarentia, ku Delta Park m'mbali mwa mtsinje wa Braamfontein Spruit, ndi ku Walkhaven cha ku Muldersdrift, kumene amalipiritsa polowa. Werengani chikwangwani cha pageti, chifukwa paki imodzi yomweyo imakhala ndi mbali yololedwa ndi mbali yoletsedwa. Dziwaninso kuti malowa safanana. Paki yomangidwira agalu okhaokha imakhala ndi mpanda wotalika pafupifupi mita ndi theka, mageti awiri otsatizana, ndipo nthawi zambiri tiagalu tating'ono timakhala ndi mbali yawoyawo. Delta Park ndi chimalo cha mahekitala opitirira 100, chodutsamo anthu a njinga ndi othamanga. Galu wosamva kuitana mukamumasula kumeneko, mukamufuna mpaka dzuwa kulowa.

Choncho mayeso ayambire kunyumba. Muitaneni ndi dzina ali kalikiliki kusewera kapena kununkhiza. Akapanda kubwera pakuitana koyamba kapena kwachiwiri, sanafike pomasulidwa. Mumangireni chingwe chachitali cha mamita 10, chokoleka pa hanesi ya pachifuwa osati pa kolala ya pakhosi, kuti akathamanga n'kufika pamapeto a chingwe asavulale khosi. Akabwera mupatseni kachidutswa ka nyama n'kumulola abwererenso kosewera. Ambiri amalakwitsa apa: amaitana galu pokhapokha nthawi yopita kwawo ikakwana, ndiye galuyo amaphunzira kuti dzina lake likatchulidwa masewera atha, n'kuyamba kugontha dala. Kumumenya atabwera mochedwa ndiye kuononga kotheratu, poti iye amadziwa kuti wamenyedwa chifukwa chobwera.

Funsani abwana akuonetseni khadi la katemera. Ku South Africa katemera wa chiwewe ndi lamulo: woyamba pa miyezi 3, wachiwiri chisanathe chaka, kenako osapitirira zaka 3 zilizonse. Kagalu kosamaliza katemera wa parvo, amene amathera cha pa masabata 16, kasaponde m'paki. Kachilombo kake kamakhala m'dothi miyezi yambiri, ndipo kagalu kakadwala kamasanza, kamatsekula magazi, kangafe m'masiku ochepa. Galu wamkazi amene ali pa nyengo yofuna amuna akhale kunyumba kwa masabata atatu kapena anayi, chifukwa fungo lake lokha limamenyanitsa amphongo amene masiku ena amasewera bwinobwino.

Tsopano pageti. Galu ali pa chingwe amadziwa kuti sangathawe. Anzake omasuka akamuunjirira, wina kumaso wina kumchira, iye watsala ndi mano basi. Chingwe chokokedwa mwamphamvu chimamuimitsanso mutu m'mwamba chifuwa patsogolo, zimene kwa galu mnzake n'chizindikiro cha ndewu. N'chifukwa chake mageti amakhala awiri. Lowani loyamba, tsekani, mumasuleni chingwe muli pakatipo, dikirani agalu amene adzaza pageti lachiwiri abalalike, kenako tsegulani n'kulowa mukuyenda ndithu. Musaime pakhomo. Kumene kulibe mageti otere, yendani naye kaye pa chingwe mphindi 10 kumbali kopanda anthu kuti phuma lithe, n'kumumasulira kutali ndi gulu. Chingwe chikhale m'manja mwanu nthawi yonse, foni ikhale m'thumba.

Kugwedeza mchira si umboni wa chikondi. Yang'anani thupi lonse. Agalu osewera bwino amakhala ofewa, amagwada ndi miyendo yakutsogolo matako ali m'mwamba, amasinthana wothamangitsa ndi wothamangitsidwa, ndipo amapumira pang'ono n'kuyambanso. Zikayamba kuipa thupi limauma ngati thabwa, kamwa imatsekeka, mchira umaima njo n'kumanjenjemera kunsonga, ubweya wa pamsana umadzuka, wina amaika chibwano paphewa la mnzake. Pamenepo mwatsala ndi masekondi ochepa. Itanani wanu ndi mawu osangalala, mukuchokapo. Galu wopinda mchira pakati pa miyendo, wonyambita milomo, wobisala kumbuyo kwanu, akukupemphani kuti mupite naye, ndipo mumumvere. Choopsa kwambiri ndi agalu akuluakulu atatu kapena anayi kuthamangitsa kamodzi kakang'ono. Kakangolira mokuwa, masewera amasanduka ulenje, ndipo kugwedezedwa kamodzi kokha pakhosi n'kokwanira kukapha. Mpira, fupa kapena chakudya pakati pa gulu ndi nkhuni zina za moto womwewo.

Ndewu ikabuka musagwire kolala. Galu wokwiya amaluma chilichonse chomukhudza pakhosi, ngakhale dzanja limene limamudyetsa. Yambani ndi kukuwa mwamphamvu ndi kuwathira madzi kumaso. Zikakanika, munthu aliyense agwire miyendo yakumbuyo ya galu wake cha m'ntchafu, ainyamule ngati wilibala, n'kubwerera m'mbuyo mozungulira kuti galu asatembenuke. Ngati mano akadali m'thupi la mnzake musakoke, chifukwa kukokako ndiko kumang'amba mnofu. Pambuyo pake papasani galu thupi lonse. Bala la dzino limaoneka ngati kabowo kakang'ono kunja pamene mkati mwaonongeka kwambiri, ndipo limatukusira pakapita masiku awiri kapena atatu. Auzeni abwana tsiku lomwelo, ngakhale mukuopa. Malamulo a dzikoli amaika mlandu pa mwini galu, ndiye ayenera kudziwa msanga. Ngati wolumidwayo ndi munthu, tsukani balalo ndi sopo pa madzi oyenda kwa mphindi 15, pitani kuchipatala, ndipo funsani ngati galu wolumayo anabayidwa katemera wa chiwewe.

Za thumba la pulasitiki lotolera chimbudzi cha galu, ena amaziona ngati mwambo wa azungu chabe. Ku Gauteng, chigawo chimene muli Johannesburg, ndi nkhani ya moyo. Kuli nyongolotsi yotchedwa Spirocerca lupi imene mazira ake amatuluka ndi chimbudzi. Tizikumbu tokunkhuniza ndowe timadya mazirawo, galu n'kumeza kachikumbuko, kapena buluzi amene anakadya. Nyongolotsizo zimayenda m'khoma la mtsempha waukulu wa magazi mpaka kukamanga zotupa kummero, ndipo zotupazo zingasanduke khansa. Galu amayamba kubweza chakudya akangodya ndi kuwonda. Mapiritsi wamba a njoka za m'mimba ambiri saigwira, choncho funsani dokotala wa ziweto za mankhwala a mwezi ndi mwezi. Tengani matumba awiri kapena atatu ulendo uliwonse.

M'chilimwe pitani m'mamawa kapena dzuwa litapendeka, mutanyamula lita imodzi ya madzi ndi kambale kake, m'malo momusiya amwe mumtsinje wotenga zonyansa za m'tauni. Agalu a mphuno zazifupi monga Pug ndi Bulldog amatenthedwa msanga. Lilime likatuluka kwambiri, dovu lili nderendere, akudzandira, muikeni pamthunzi, mumuthire madzi ozizira pamimba ndi m'miyendo, n'kuthamangira naye kwa dokotala.

Mukafika kunyumba mufufuzeni nkhupakupa m'makutu, m'khosi, m'khwapa ndi pakati pa zala. Igwireni pafupi ndi khungu, kokani molunjika, osaifinya mimba. Pakapita masabata awiri kapena atatu galu akafooka n'kukana chakudya, kwezani mlomo wake muone nkhama. Zikakhala zoyera kapena zachikasu m'malo mofiirira, mkodzo uli woderapo, n'kutheka kuti ndi biliary, matenda a nkhupakupa amene amaswa magazi. Ameneyo apite kwa dokotala tsiku lomwelo, osadikira kuti kuche.